Sikirini za kompyuta zamtundu wakale za CRT: zoyenera kudziwa musanagule

M'tauni ya Bindura ndi m'makomboni oyandikana ndi migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca, kumene mabanja ambiri ochokera ku Malawi anakhazikika kalekale, sikirini zakale zamsana waukulu zikupezekabe. Zimagulitsidwa motchipa, ndipo zina anthu amangopatsidwa ofesi ikagula zatsopano. Ngati mukufuna kugula yoteroyo kuti mwana azigwiritsa ntchito pa sukulu kapena kuti izikuthandizani pa bizinesi, dziwani kuti sikirini ya CRT yosasweka ndi yoikidwa bwino siiopsa kwenikweni. Ngozi yaikulu imabwera ikatsegulidwa, ikasweka kapena ikatenthedwa.

Kodi CRT n'chiyani?

Mkati mwake muli chubu chachikulu chagalasi chimene anachotsamo mpweya wonse. Chithunzi chimaoneka pamene mphamvu ya magetsi yochokera kumbuyo kwa chubucho ikuomba pagalasi lakutsogolo, mzere ndi mzere, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Makampani akuluakulu analeka kupanga sikirini zimenezi. Mwachitsanzo, Sony inasiya kupanga machubu ake a Trinitron mu 2008. Choncho iliyonse imene mungaipeze lero ndi yakale, ndipo muyenera kuiyesa musanapereke ndalama.

Zoyenera kuona pogula

Pemphani wogulitsa kuti aiyatse ndipo muiyang'ane kwa mphindi zingapo. Zilembo zioneke bwino pakati ndi m'makona momwe. Kenako yang'anani pambali pang'ono kuti sikiriniyo muziionera m'mphepete mwa diso, chifukwa kuthwanima kumazindikirika msanga mwanjira imeneyi. Sikirini ikamajambula chithunzi maulendo 60 pa sekondi, anthu ambiri amaona kuthwanima ndipo maso amatopa. Sankhani imene ingathe kufika maulendo 75 kapena 85, zimene pakompyuta zimalembedwa kuti 75 Hz kapena 85 Hz.

Musagule ngati galasi lili ndi mng'alu, chikuto chake n'chosweka, waya wake ndi wosupuka, kapena ngati ikununkha ngati chinthu chikupsa. Ganiziraninso za magetsi. CRT ya mainchi 17 imadya pafupifupi mawati 70 mpaka 100, pamene sikirini yopyapyala ya kukula komweko imadya mawati 20 mpaka 30. Ngati mumadalira sola kapena batire magetsi a ZESA akathima, yopyapyala ndiyo ingakuthandizeni.

Kuteteza maso ndi thupi

Khalani patali ngati kutalika kwa mkono wanu, masentimita 50 mpaka 70, ndipo pamwamba pa sikirini pafanane ndi maso anu kapena patsike pang'ono. Musaiike moyang'anizana ndi windo, chifukwa galasi lake limabweza kuwala. Pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, ndipo muziphethira pafupipafupi. Galasi la CRT limakoka fumbi, ndipo m'dera la migodi fumbi silisowa. Lipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono mutazimitsa ndi kuzula pulagi, komanso musatseke timabowo totulutsa kutentha.

Anthu ena amaopa cheza chochokera ku sikirini zimenezi. Cheza chimene chimatuluka m'sikirini yosawonongeka n'chochepa kwambiri, chifukwa galasi lake lokhuthala linapangidwa kuti lizichitchinga.

Ngati pakhomo pali wodwala khunyu, funsani kuchipatala musanagule. Mwa odwala khunyu 100 alionse, pafupifupi atatu amagwa chifukwa cha kuwala kothwanima, ndipo kwa iwo sikirini yopyapyala ndiyo yabwino. Kumbukiraninso kuti CRT ya mainchi 17 imalemera makilogalamu pafupifupi 15 ndipo kulemera kwake kuli kutsogolo. Iikeni patebulo lolimba pamene mwana sangaikoke n'kumugwera.

Musaitsegule, musaiswe

Chubu cha CRT chimagwira ntchito ndi mphamvu yofika mavoti pafupifupi 25,000, ndipo ina imatsalira mkati ngakhale mutazula pulagi. Chubucho chikasweka, magalasi amatha kuuluka n'kuvulaza maso. Ikawonongeka, ipititseni kwa wodziwa kukonza zamagetsi.

Choopsa china ndi mtovu. Galasi la m'mbali ndi kumbuyo kwa chubu limasakanizidwa ndi mtovu, umene m'sikirini zambiri umaposa kilogalamu imodzi. Chubu chikakhala chathunthu, mtovuwo sutuluka. Koma anthu akachiswa pofuna waya wa mkuwa woti agulitse, kapena akachitentha pamodzi ndi zinyalala, mtovu umalowa m'fumbi, m'dothi ndi m'madzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndiponso kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi la munthu wamkulu. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana ali m'mimba.

Sikirini yakufa isungeni yathunthu pamalo ouma pamene ana safika. Musaitaye kudzala, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime. Funsani kukhonsolo ya Bindura kapena kubungwe loona zachilengedwe la Environmental Management Agency za kumene mungaipereke. Ikasweka m'nyumba, tulutsani ana, valani magolovesi, tolani zidutswa ndi kupukuta pansi ndi nsalu yonyowa. Musasese pouma, chifukwa fumbi limauluka.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani kukiliniki yapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha Bindura ngati mutu kapena maso sakusiya kupweteka ngakhale mukupumula, ngati wina wagwidwa ndi magetsi, kapena ngati galasi lalowa m'diso. Diso loterolo musalitikite. Mwana amene wakhala akusewera pamene amaswera kapena kutenthera zipangizo zamagetsi mupite naye msanga, makamaka ngati akumva m'mimba, akudzimbidwa, akufooka kapena wayamba kubwerera m'mbuyo kusukulu. Ana ambiri amene ali ndi mtovu m'thupi saonetsa chizindikiro chilichonse, ndipo umadziwika pokhapokha magazi akapimidwa. Choncho auzeni achipatala momveka bwino kumene mwanayo wakhala akusewera.