Mtovu ndi mercury: poizoni wofikira mwana asanabadwe

Pachipata cha Muloza m'boma la Mulanje, katundu amawoloka tsiku lililonse pakati pa msika wa Limbuli ndi tauni ya Milange ku Mozambique. Monga m'misika ina m'dziko muno, anthu amagula penti, mabatire, mapoto osulidwa kuchokera ku zitsulo zakale komanso mafuta oyeretsa khungu. Zina mwa zinthu zamtunduwu zimatha kukhala ndi mtovu kapena mercury, zitsulo za poizoni zomwe zimafikira mwana akadali m'mimba.

Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'fumbi, m'chakudya kapena m'madzi, ndipo wambiri umakakhazikika m'mafupa kwa zaka zambiri. Mayi akaima, thupi lake limatapa calcium m'mafupawo kuti lipange mafupa a mwana. Mtovu umatuluka limodzi, n'kulowa m'magazi, n'kudutsa nsengwa. Motero fumbi lomwe mtsikana anapuma ali wamng'ono likhoza kuvulaza mwana amene adzabereke atakula.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe umadziwika kuti ndi wosavulaza. Ukachuluka, mayi akhoza kupita padera, kuchira masiku asanakwane kapena kubereka mwana wosakwana makilogalamu 2.5. Mwanayo amatha kukula mochedwa ndi kuvutika kugwira maphunziro. Mercury imaononga makamaka ubongo ndi mitsempha. Ku Minamata m'dziko la Japan, komwe matenda ake anadziwika mu 1956, amayi ena ooneka athanzi anabereka ana olumala chifukwa chodya nsomba za m'nyanja yothiridwa zinyalala za fakitale. Chitsulo china, cadmium, chimapezeka mu utsi wa fodya, ndipo chimaunjikana mu nsengwa n'kusokoneza chakudya chopita kwa mwana.

Vutoli si la kutali. Bungwe la Lead Exposure Elimination Project linapeza mtovu wochuluka m'mitundu ingapo ya penti wogulitsidwa m'dziko muno. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomo oyandikana nawo lidakali ndi poizoniyu. Nawo okumba golide m'migodi ing'onoing'ono ku Mozambique amagwiritsa ntchito mercury polekanitsa golide ndi mchenga.

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Gwero lalikulu ndi kuperewera kwa zakudya ndi matenda, koma mavutowa amakokana: thupi losowa iron ndi calcium limayamwa mtovu wambiri.

N'chifukwa chake mayi woyembekezera amalangizidwa kuyamba sikelo msanga, kumwa mankhwala owonjezera magazi, ndi kudya usipa, matemba, nandolo ndi ndiwo zamasamba. Ayenera kusiya kudya dothi, kupewa mafuta oyeretsa khungu, ndi kutalikira nyumba yomwe akupala penti wakale. Abambo ogwira ntchito yowotcherera zitsulo, yokonza mabatire kapena ya m'migodi azisamba ndi kusintha zovala asanalowe m'nyumba, ndipo zovalazo zisamachapidwe ndi mayi wapakati.