Mkodzo wa uchi, agalu a ku Toronto ndi dola imodzi

Kusanabwere timakina tobaya chala n'kuwerenga manambala, dotolo woyamba wa matenda a shuga adali nyerere. Munthu ankati akataya madzi kuseri kwa nyumba, pobwererako n'kupeza nyerere zadzadza pamalopo ngati patayikira thobwa. Akuluakulu athu ena amachidziwa chizindikiro chimenechi mpaka lero. Asing'anga a ku India, Sushruta ndi Charaka, adachilemba m'mabuku awo zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo nthendayi adaitcha madhumeha, kutanthauza mkodzo wa uchi.

Nthendayi njakale kuposa apa. Ku Egypt kudapezeka mpukutu wa gumbwa wolembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, umene lero umadziwika ndi dzina la Georg Ebers, Mjeremani amene adaugula. Mu mpukutumo muli mankhwala a munthu wokodza mopyola muyeso. Patapita zaka mazana ambiri, Mgiriki wina, Aretaeus wa ku Cappadocia, adalongosola wodwala wa ludzu losatha, amene minofu yake imakhala ngati ikusungunuka n'kumatuluka pamodzi ndi mkodzo. Dzina lakuti diabetes n'lochokera kwa Agirikiwo, ndipo limanena za chinthu chimene madzi amangodutsamo, ngati paipi. Kulongosola ankatha ndithu. Koma kuchiza, ayi. Kwa zaka zoposa 3,000 sing'anga ankangoima pambali pa mphasa kuonerera.

Mu 1674 dotolo wa ku England, Thomas Willis, adalemba kuti mkodzo wa odwalawa umatsekemera ngati uchi. Adadziwa bwanji? Adalawa, abale, ndi lilime lake lomwe. Udotolo wa nthawi imeneyo sudali wa anthu a mseru. Mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool adaphwetsa mkodzo pa moto pang'onopang'ono, ndipo pansi pa mbale padatsala zinthu zokoma ngati shuga. Adapezanso kuti magazi a wodwala nawo amatsekemera. Apa mlandu udachoka pa impso, zimene zidakhala zikunamiziridwa kuyambira kale. Impso zinkangotaya shuga amene wasefukira m'magazi. Funso lidatsala lakuti: nanga akusefukira chifukwa chiyani?

Yankho lidali kuseri kwa chifu, m'chiwalo chimene madotolo amati pancreas. Ena pa Chichewa amati kapamba, koma dzinali limasokoneza, poti ambiri tikamva kapamba timaganiza za chija chimatupa mwana akadwala malungo pafupipafupi. Mu 1869 mnyamata wina wophunzira udotolo ku Berlin, Paul Langerhans, adaona timagulu ta maselo tomwazikana m'chiwalochi ngati tizilumba pa nyanja. Ntchito yake sadaidziwe. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering adachotsa pancreas ya galu pofuna kuona ngati angathe kugaya chakudya popanda chiwalocho. Galu uja adayamba kukodza paliponse. Atayeza mkodzo adapeza shuga wadzadza. Adamupatsa matenda a shuga osadziwa.

Tiime kaye tione zimene lero tikudziwa, kuti nkhani yotsatirayi imveke. Nsima, mbatata, buledi kapena mpunga zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shuga ameneyu ndiye nkhuni za thupi. Koma kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu pamafunika insulin, yomwe imapangidwa m'tizilumba ta Langerhans tija. Insulin ikasowa, shuga amangozungulira m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Impso zimamutaya, ndipo potaya amakoka madzi ambiri, n'chifukwa chake kukodzakodza ndi ludzu. Thupi limayamba kudya mafuta ndi minofu yake yomwe, munthu n'kumawonda uku akudya ngati dzombe. Mafuta oyaka motero amasiya asidi m'magazi. Mapeto ake ndi kupuma mwabefu, kukomoka, kenaka maliro. Mwana akagwidwa ndi nthendayi isanafike 1922, kawirikawiri ankatha chaka chimodzi kapena ziwiri basi.

Chithandizo chokhacho chimene chinkaoneka ngati chikugwira chidali njala. Pamene Ajeremani adazinga mzinda wa Paris mu 1870, dotolo wina, Apollinaire Bouchardat, adaona kuti odwala ake ena shuga adachepa mu mkodzo chakudya chitasowa. Ku America, Frederick Allen adaitenga nzeru imeneyi n'kuifikitsa pa nkhanza. Odwala ake ankasala kwa masiku, kenaka n'kumapatsidwa ndiwo zamasamba zowiritsa katatu, msuzi uku akutaya. Ena adafa ndi njala shuga asanawaphe. Allen n'kosavuta kumuda, koma ine ndimamuchitira chifundo. Adalibe china m'manja, ndipo miyezi imene adagulira ana ena ndi imene idawafikitsa pa tsiku la chipulumutso. Mmodzi mwa iwo adali Elizabeth Hughes, mwana wa Charles Evans Hughes, nduna yoona za kunja ya dziko la America. Adadwala ali ndi zaka 11. Pofika 1922, ali ndi zaka 14, ankalemera makilogalamu 20 okha. Ndalama ndi ulemu wa bambo ake sizidaphule kanthu.

Munthu amene adasintha zinthu sadali katswiri wa shuga n'komwe. Frederick Banting adali dotolo wa maopaleshoni wongochokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amene adatsegula kachipatala m'tauni ya London ya ku Canada, osati London ya ku England ija. Odwala sankabwera. Usiku wa pa 31 October 1920, atawerenga nkhani ina ya pancreas n'kusowa tulo, adadzuka n'kulemba ganizo m'kabuku: kumanga njira ya madzi ogayira chakudya m'pancreas ya galu kuti chiwalocho chifote, tizilumba tokha titsale, kenaka n'kufinyamo chimene chili m'tizilumbato.

Adapita nalo ganizoli kwa Pulofesa John Macleod wa ku yunivesite ya Toronto. Macleod, yemwe adali katswiri weniweni, adaona msanga kuti mlendoyu sadawerenge zambiri ndiponso kuti ena ambiri adayesa kale n'kulephera. Komabe adampatsa chipinda, agalu ndi wophunzira mmodzi womuthandiza. Ophunzira adalipo awiri, Charles Best ndi Clark Noble, ndipo adachita kuponya ndalama m'mwamba kuti aone woyamba ndani. Idagwera Best. Ntchito idayamba mu May 1921, ndipo Macleod atawaonetsa poyambira adapita kwawo ku Scotland kutchuthi.

Agalu ambiri adafera m'chipinda chotentha chija, ena chifukwa cha mabala a opaleshoni. Kumapeto kwa July adabaya galu wopanda pancreas madzi amene adafinya, ndipo shuga m'magazi mwake adatsika. Galu wina, amene adamutcha Marjorie, adakhala masiku 70. Chodabwitsa n'chakuti ganizo la usiku lija lidapezeka kuti silidali lofunika kwenikweni. Pofika kumapeto kwa chaka adaona kuti akhoza kungotenga pancreas ya ng'ombe kumalo ophera nyama n'kuisungunula ndi spiriti, popanda kumanga kalikonse. Njira yolakwika idawafikitsa pakhomo loyenera.

Pa 11 January 1922, m'chipatala cha Toronto General, adabaya munthu woyamba. Adali Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14 wolemera makilogalamu osakwana 30. Sizidayende. Shuga adatsika pang'ono chabe, ndipo pamene adabaya padatuluka chithupsa, chifukwa mankhwalawo adali ndi zitsotso zambiri. Apa ndi pamene munthu wachinayi, amene ambiri amamuiwala, adaonetsa luso lake. James Collip, katswiri wa zosakanizasakaniza amene Macleod adamuitana mu December, adachezera usiku ndi usiku mpaka adapeza mlingo wa spiriti wolekanitsa insulin ndi zitsotso zija. Pa 23 January adabayanso Leonard. Shuga adatsika kwambiri, asidi adachoka mu mkodzo, mnyamata uja n'kuyamba kuchangamuka.

Collip yemweyo adaonanso mbali ina ya nkhaniyi imene wodwala aliyense wobaya jakisoni ayenera kuidziwa. Akalulu amene adawabaya insulin wambiri ankagwa n'kumaphupha, koma akawapatsa shuga ankadzuka. Shuga akatsikitsa amapha msanga kuposa akakwera. Munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amalankhula zosamveka, ndipo odutsa pamsewu amangoti waledzera uyu. Pamene akufunika ndi supuni ya shuga kapena switi, malinga ngati akutha kumeza.

Mungayese kuti anthu anayi amene achita chozizwitsa chotere ankakumbatirana. Kutalitali. Banting ankakhulupirira kuti Macleod akufuna kumulanda ulemu. Tsiku lina Collip atakana kuulula njira yake yoyeretsera mankhwala, iye ndi Banting adatsala pang'ono kuswana m'chipinda choyezera momwemo. Mu 1923 mphoto ya Nobel itaperekedwa kwa Banting ndi Macleod, Banting adapsa mtima mpaka kufuna kuikana. Pomaliza adagawana ndalama zake ndi Best, Macleod naye n'kugawana zake ndi Collip. Ku Romania nako kudali wina wodandaula, Nicolae Paulescu, amene mu 1921 adali atasindikiza kale zotsatira za madzi a pancreas amene adatsitsa shuga wa agalu, ngakhale kuti sadafike powayeretsa kuti athandize anthu.

Koma pa chinthu chimodzi adagwirizana. Mu January 1923 Banting, Best ndi Collip adapereka umwini wa insulin ku yunivesite ya Toronto pa mtengo wa dola imodzi aliyense. Akadafuna akadalemera koopsa. Cholinga chidali chakuti pasapezeke munthu kapena kampani yotsekereza mankhwalawa n'kumatchaja mmene ifunira. Chaka chomwecho kampani ya Eli Lilly idayamba kupanga insulin wochuluka kuchokera ku ng'ombe ndi nkhumba. Elizabeth Hughes uja adafika ku Toronto mu August 1922, Banting n'kuyamba kumubaya. Adanenepa, adaphunzira, adakwatiwa, adabereka ana atatu, ndipo adamwalira mu 1981. Banting adafa pa ngozi ya ndege ku Newfoundland mu 1941. Tsiku lake lobadwa, 14 November, ndilo lidasankhidwa kukhala tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse.

Zotsatira zake tingozidutsa mwachangu. Mu 1936 Harold Himsworth wa ku London adaonetsa kuti shuga ali pawiri: pali odwala amene thupi lawo silipanga insulin, ndipo pali ena amene insulin ali naye koma thupi silimumvera. Gulu lachiwirili ndilo lalikulu, pafupifupi 9 mwa odwala 10 aliwonse, ndipo limakonda akuluakulu, onenepa ndi amene kumtundu kwawo nthendayi ilipo. Limabwera mwakachetechete, ena n'kudzadziwa maso atayamba kale kuchita chidima kapena bala la kuphazi litakana kupola. Ambiri mwa amenewa amayamba ndi mapiritsi monga metformin, amene dotolo wa ku Paris, Jean Sterne, adayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1957. Palinso shuga wobwera mayi akakhala woyembekezera. Mu 1982 kudatuluka insulin wofanana ndi wa munthu, wopangidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono m'fakitale, ng'ombe ndi nkhumba n'kupumako.

Nanga kwathu kuno? Mu 1901 mmishonale Albert Cook, dotolo wa pa Mengo ku Uganda, adalemba kuti shuga ngosowa pakati pa odwala ake, koma akagwira munthu amapha. Kwa zaka zambiri mabuku adapitiriza kunena kuti imeneyi si nthenda ya mu Africa, ifenso n'kumati ndi ya mabwana odya zonona. Ine ndimakayika ngati idali yosowa choncho. Mwana wa kumudzi akawonda, n'kukomoka, n'kumwalira sabata isanathe, adamuyeza mkodzo ndani? Ankangoti malungo, kapena amulodza. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita m'Malawi mu 2009, mothandizidwa ndi bungwe la WHO, adapeza shuga wokwera mwa anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, ndipo a kumudzi adalimo ndithu.

Bungwe la WHO lidaika insulin pa mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunikitsitsa mu 1977. Koma mndandanda subaya munthu. Insulin amafuna jakisoni tsiku ndi tsiku, kamakina koyezera, chakudya cha pa nthawi yake, ndiponso malo ozizira. Kumene kulibe filiji, anamwino amalangiza odwala kusunga kabotolo mu mtsuko wadothi wokhala ndi madzi kapena mchenga wonyowa. Ndipo mankhwala amene eni ake adagulitsa pa dola imodzi aja, msika wake wa pa dziko lonse udathera m'manja mwa makampani atatu: Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi.

Mu 2005 David Beran ndi anzake adasindikiza zimene adapeza atayendera zipatala za anansi athu, Zambia ndi Mozambique. Malinga ndi kuwerengera kwawo, munthu wamkulu wofuna insulin ku Lusaka akadatha kukhala zaka 27 atapezeka ndi nthendayi. Mwana wa kumudzi ku Mozambique, miyezi 7. Leonard Thompson, amene adabayidwa madzi a pancreas ya ng'ombe mu 1922, adakhala zaka zina 13, n'kudzamwalira ndi chibayo mu 1935.