Mbiri ya Maswiti a Beacon

Ndani mwa inu sanayamwepo switi ya pa kantemba ku Lundazi boma? Makolo athu akafuna chotsekemera ankatafuna misale, nzimbe kapena kufula uchi. Maswiti a m'mapepala anachokera kutali, ndipo lero ndifuna ndikuuzeni za mmisiri mmodzi amene anawapanga.

Ku South Africa kuli mzinda wa Durban, doko limene zombo zazikulu zimakocheza. Dziko lozungulira mzindawu ndi la nzimbe. Kuyambira m'chaka cha 1860 Angerezi ankabweretsa anthu ochokera ku India kuti adzalime m'mindamo. Ntchito inali yakalavulagaga, malipiro ochepa. Shuga wa ku Durban anakula ndi thukuta la anthu amenewa.

M'chaka cha 1931, Myuda wina wochokera ku Lithuania, dzina lake Hymie Zulman, anagula kafakitale kotchedwa Durban Confectionery and Spice Works pa mtengo wa mapaundi 500. Iye anali mlendo, ndipo nthawiyo malonda anali atagwa pa dziko lonse. Masiku amenewo opanga maswiti ang'onoang'ono ankawiritsa shuga m'miphika, kumuthira patebulo kuti azizire, kenaka n'kumudula. Moto ukachuluka shuga amapserera, ukachepa switi siilimba. Ntchitoyi inafuna maso ndi kuleza mtima.

Kafakitale kaja kanakula n'kutchedwa Beacon. Mwana wake, Arnold Zulman, anapitiriza ntchito ya bambo wake kufikira dzinali linamveka m'maiko ambiri a kum'mwera kwa Afirika. M'chaka cha 1998 kampani yaikulu ya Tiger Oats inamaliza kugula Beacon yense.

Tsono tibwerere kwathu. Kuno kum'mawa timalima nshawa za chalimbana zimene anthu amazitama, ndipo shuga wa ku Nakambala ali m'masitolo athu. Koma chaka ndi chaka timagulitsa nshawa zosaphika pa mtengo wolira, ndalamazo n'kugulira ana maswiti opangidwa ndi ena. Ambiri a ife tikamaliza sukulu timangokhala, kudikira kalata ya ntchito yochokera ku Lusaka.

Kodi gulu lanu silingapeze mphika, mbaula, shuga ndi nshawa zokazinga, n'kuyesa kupanga maswiti ogulitsa pa tsiku la msika? Oyamba adzapserera, musataye mtima. Pa msonkhano wanu wa sabata ino werengani Zekariya 4:10, mupemphere, ndipo mukambirane kuti mphikawo abweretsa ndani.