Mphamvu ya Mpweya Wotsekeredwa m'Bokosi: Mbiri ya Masipika Otsika Mtengo

Aliyense amene anaimapo pafupi ndi bwalo la gule amadziwa kuti ng'oma yaikulu imamveka ndi m'chifuwa momwe, osati m'makutu mokha. Koma ng'oma yomweyo ikamalira m'kawailesi ka mabatire, mawu ake amatuluka opyapyala ngati munthu akugogoda chitini. Mlandu suli pa woimba, ndiponso kawirikawiri suli pa nyumba youlutsira mawu. Uli pa kachipangizo kamene kabisala kuseri kwa timabowo ta wailesiyo, kamene anthu amakatcha sipika. Kwa zaka zambiri mawu akuya a besi anali chuma cha anthu olemera okha, okhala m'nyumba za zipinda zazikulu. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene amisiri ochepa a ku America ndi ku Mangalande anathetsera vuto limeneli, kufikira mphunzitsi, kalaliki ndi mwana wa sukulu ya ukachenjede anayamba kumva nyimbo bwino m'zipinda zawo zopanikiza.

Sipika imene ili m'wailesi zambiri lero inakhazikika m'chaka cha 1925, pamene Chester Rice ndi Edward Kellogg, akatswiri a kampani ya General Electric ku Schenectady m'chigawo cha New York, anafalitsa zotsatira za ntchito yawo. Mapangidwe ake ndi osavuta kuwamvetsa. Pali pepala lolimba lopindidwa ngati denga la nkhokwe. Kunsonga kwake amamatako kachubu kokulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, ndipo kachubuko kamalowa mumpata wopapatiza wa maginito amphamvu popanda kukhudza mbali iliyonse. Magetsi onyamula nyimbo akamadutsa m'wayamo, maginito amakankha ndi kukoka kachubuko, pepala limanjenjemera, ndipo mpweya wa m'chipinda umanjenjemera nalo limodzi. Kunjenjemera kumeneko ndiko khutu limamva. Kuti pepala lisasochere, amalimanga pawiri: kumkombero wake wakunja, ndiponso pafupi ndi kachubu paja, pamene pali kansalu kamakwinya kamene Angerezi amakatcha dzina la kangaude. Zomangira ziwirizi zimagwira ntchito ya sipuling'i, kubwezera pepala pamalo pake nthawi iliyonse likasuntha.

Vuto lalikulu linali lakuti pepala lili ndi nkhope ziwiri. Likamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake limakhala likuukoka. Pa mawu okwera zimenezi sizisokoneza kwenikweni. Koma mawu akuya ali ndi mafunde aatali zedi: liwu lonjenjemera ka 50 pa sekondi lili ndi funde lotalika pafupifupi mamita 7. Motero mpweya wokankhidwa kutsogolo umangozungulira mkombero wa sipika nukadzaza mpata wotsala kumbuyo, besi n'kuzimirira isanafike kwa womvera. Mankhwala ake anali kulekanitsa nkhope ziwirizo, kaya ndi thabwa lalikulu, kaya ndi bokosi. Koma bokosi laling'ono lotsekedwa linali ndi chilema chake: mpweya wa m'katimo unkawonjezera kulimba pa zomangira zimene zinali zolimba kale, pepala n'kulephera kuyenda momasuka. N'chifukwa chake masipika abwino a m'zaka za m'ma 1940 anali aakulu ngati kabati ya zovala, ndipo ena ankafuna ngodya yonse ya chipinda.

Ku Mangalande munthu amene analimbana kwambiri ndi nkhani ya mabokosi anali Gilbert Briggs. Iyeyu sanaphunzire za magetsi kusukulu. Anali wamalonda a nsalu mumzinda wa Bradford, wokonda piyano. Malonda a nsalu atalowa pansi, anapanga sipika yake yoyamba m'chaka cha 1932 m'chipinda chapansi cha nyumba yake ku Ilkley, ndipo kampani yake anaitcha Wharfedale potengera chigwa cha mtsinje wa Wharfe. Briggs anazindikira kuti matabwa a bokosi nawonso amalira, ndipo kulira kwawo kumadetsa nyimbo. Mlimba wa limba amafuna kuti chikho chiwonjezere mawu. Mmisiri wa sipika amafuna bokosi losalankhula konse. Pofuna kuwakhalitsa chete matabwawo, Briggs ankapanga makoma awiri n'kuthira mchenga wouma pakati. M'chaka cha 1954 anachita lendi holo yaikulu ya Royal Festival Hall ku London, naika oimba enieni ndi masipika ake pabwalo limodzi, kuti anthu amve okha kusiyana kwake. Holo inadzaza. Komabe bokosi la mchenga silinali katundu woti munthu n'kunyamula pa njinga.

Njira yeniyeni inatulukira ku America m'chaka chomwecho, ndipo inachokera kwa mphunzitsi. Edgar Villchur ankaphunzitsa za kajambulidwe ndi katulutsidwe ka mawu m'makalasi amadzulo pa New York University. Maganizo ake anali otere: ngati mpweya wa m'bokosi laling'ono uli wolimba ngati sipuling'i, bwanji osaulola kuti ukhale sipuling'i yeniyeniyo, n'kuchotsa kulimba kwa zomangira zija? Mwini njinga aliyense amaidziwa mphamvu imeneyi. Akatseka bowo la pampu ndi chala n'kukankha chogwirira, mpweya umabweza dzanja lake, ndipo umabweza mofatsa ndi mofanana nthawi zonse. Zomangira za pepala ndi nsalu sizitero. Zikatambasuka kwambiri zimayamba kukana mwadzidzidzi, ndipo kukana kumeneko ndiko kumabweretsa mawu osasa pamene besi yakula. Villchur anatenga sipika ya mainchesi 12, nadula mkombero wake wolimba, naikapo wina wofewa wa nsalu ya matiresi. Ili panja pa bokosi, sipikayo inali yolobodoka, yopanda ntchito. Koma ataitsekera m'bokosi laling'ono losatuluka mpweya, lodzaza ndi ubweya wagalasi umene amautcha fibreglass, inatulutsa besi yakuya ndi yoyera kuposa makabati aakulu aja. Pepala lake linayenera kukhala lolemera ndithu, pa chifukwa chimene oimba ng'oma amachidziwa kale: akamata phula pakati pa chikopa, ng'oma imalira mozama.

Makampani otchuka amene Villchur anawaonetsa nzeruyi anaikana. Amene anaikhulupirira anali wophunzira wake wina, Henry Kloss, yemwe anali ndi kamalo kokhomera mabokosi ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts. Awiriwa anayambitsa kampani ya Acoustic Research mu 1954, ndipo sipika yawo yoyamba, AR-1, inali yotalika mainchesi 25 okha, ya mtengo wa madola 185. Sinali ndalama yochepa nthawi imeneyo, koma khomo linali litatseguka.

Palibe chabwino chobwera chopanda msonkho. Sipika ya mtundu umenewu inkadya magetsi ambiri: pa mphamvu yonse yochokera ku ampulifaya, yosandulika mawu sinkafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100, yotsalayo inkangotenthetsa waya. Anton Hofmann, mnzake wa Kloss, ndiye amakumbukiridwa ndi lamulo limene amisiri amalitchulabe ndi dzina lake: pa zinthu zitatu, bokosi laling'ono, besi yakuya, ndi kusadya magetsi, mmisiri angasankhe ziwiri zokha. Villchur anataya chachitatucho, ndipo nyengo inamukomera. Ma ampulifaya amphamvu ankatsikiratsikira mtengo, makamaka atafala a matilanzisita m'zaka za m'ma 1960. Chinanso, mu 1958 munayamba kugulitsidwa malekodi a sitiriyo, ofuna masipika awiri m'malo mwa imodzi. Banja limene linkapirira kabati imodzi pabalaza silikanalola awiri.

Mu 1958 momwemo inatuluka AR-3, imene inali ndi timasipika ta mawu okwera toumbidwa ngati kachikho kovundikira m'malo mwa denga la nkhokwe lija, kuti mawu amwazike m'chipinda chonse. Kampaniyo inali ndi khalidwe lodabwitsa pa malonda. Inatsegula chipinda chomvetsera nyimbo pa siteshoni yaikulu ya sitima ya Grand Central ku New York, m'mene apaulendo ankalowa n'kumvetsera koma osagulitsidwa kanthu, ndipo masipika ake inkawapatsa chitsimikizo cha zaka 5. Pofika 1966, pafupifupi sipika imodzi mwa zitatu zilizonse za hi-fi zogulidwa ku America inali ya AR. Imene inalowa m'nyumba za anthu wamba inali AR-4x, yaing'ono, ya pepala la mainchesi 8, imene mtengo wake sunkafika madola 60.

Kloss sanakhalitse. Anachoka mu 1957 n'kuyambitsa KLH pamodzi ndi Malcolm Low ndi Hofmann, dzinalo likuchokera ku zilembo zoyamba za mayina awo. Mu 1967 anayambitsanso Advent. Sipika ya Advent, imene inatuluka mu 1969, inali ya njira ziwiri zokha, woofer wa mawu akuya ndi tweeter wa mawu okwera, ndipo cholinga chake chinali kufikira besi ya masipika odula a AR pa mtengo wosafika theka lake. Chaka chomwecho kampani ya Dynaco, ya David Hafler wa ku Philadelphia, inayamba kugulitsa A-25, yopangidwira ku Denmark, pa madola pafupifupi 80. Bokosi lake silinali lotsekedwa kotheratu: pansi pa woofer panali mpata wautali wotsekedwa ndi ubweya wagalasi wothinana, kuti mpweya uzituluka pang'onopang'ono mopanikizika. Ku Mangalande a Wharfedale nawonso anatulutsa Linton ndi Denton, timabokosi tokwana pa shelefu ya mabuku.

Womasula masikuluwu a sipika ngati imeneyi angadabwe ndi kuchepa kwa zimene zili m'katimo. Matabwa ake ambiri ndi a utuchi wopanikizidwa ndi guluu, okutidwa kunja ndi kachikhungwa kopyapyala ka mtengo wabwino, kapena pulasitiki wofanizira mtengo. Wina angayese chinyengo, koma thabwa la utuchi ndi lolemera ndipo sililira ngati thabwa lenileni, motero linkachita motsika mtengo ntchito imene Briggs ankachita ndi mchenga. M'mphepete mwa woofer muli phala lomatira losalola mpweya kutuluka. Kukhoma lakumbuyo kuli tizipangizo tingapo totchedwa crossover, koyilo wa waya ndi kapasita, timene timagawa nyimbo: zakuya kwa woofer, zokwera kwa tweeter. M'masipika ena otsika mtengo munali kapasita mmodzi yekha basi. Luso la Kloss ndi anzake linali kudziwa poyenera kuwonongerapo ndalama ndi poyenera kuumira, ndipo ndalama zambiri ankaziika pa woofer ndi maginito ake.

Nanga mamvekedwe ake? Besi ya bokosi lotsekedwa ndi yogwirana. Liwu la ng'oma limayamba ndi kuleka pa nthawi yake, osasiya mkokomo. Mawu a munthu wolankhula kapena woimba amatuluka odzaza, osapweteka m'makutu ngakhale atamveka tsiku lonse. Chofooka chili kumwamba: masipika akale a AR amamveka ngati chinsalu chaphimba mawu okwera, kotero kuti maseche ndi zitsulo zoimbira sizithwanima monga zimachitira pa masipika amakono. Advent inali yowala pang'ono kuposa pamenepo, pamene A-25 inakondedwa chifukwa cha kufatsa kwake pa mawu apakati. Ogula ambiri m'sitolo ankanyengeka ndi sipika yofuula kwambiri poyerekeza, osadziwa kuti yofuulayo yangosankha ziwiri zina pa zitatu za Hofmann zija. Bokosi lokhala ndi bowo lotulutsira besi linabwereranso pamwamba m'zaka za m'ma 1970, masamu a Neville Thiele ndi Richard Small atapereka njira yowerengeratu kukula kwa bokosi ndi bowo lake mmisiri asanadule thabwa.

Ngakhale maginito ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inadutsa kufupi ndi kuno. Masipika ambiri akale anali ndi maginito a alnico, chitsulo chosakaniza chimene chimafuna mwala wa cobalt. Mu 1978 nkhondo inafika ku Kolwezi, m'chigawo cha Shaba m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Zaire, kumene kunkachokera cobalt wambiri wa dziko lonse lapansi. Mtengo wake unakwera koopsa, ndipo makampani amene anali asanasinthe anatembenukira ku maginito akuda a ferrite, olemera koma otsika mtengo.

Mdani wamkulu wa masipika amenewa wakhala siponji. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 makampani ambiri anasiya mkombero wa nsalu n'kuyamba wa siponji, chifukwa ndi wofewa ndi wopepuka. Patapita zaka 15 kapena 20 siponjiyo imafumbutuka ngati nsima yogona youma, ndipo kutentha ndi chinyezi zimafulumiza kuwonongekako. Mpweya ukayamba kutuluka, sipuling'i ya Villchur yatha. Pepala limagwedera, kachubu kamakhula maginito, ndipo mwini wake amaganiza kuti sipika yapsa. Zambirimbiri zinatayidwa kudzala pa chifukwa chimenechi, chonsecho waya ndi maginito zili bwinobwino. Mmisiri wodekha amapala siponji yakale, amamata mkombero watsopano akuonetsetsa kuti kachubu kali pakati penipeni, amasintha makapasita amene anauma, n'kutsuka tizitsulo tosinthira mawu takumbuyo timene pa masipika a AR timachita dzimbiri. Pomaliza amakankha pepala pang'ono ndi zala n'kulisiya. Likabwerera msanga, pali potulukira mpweya pena pake. Likabwerera mwaulesi, bokosi latsekeka bwino.