VPN ikamadzitseka pambuyo pa update ya Windows

VPN ndi njira yotetezedwa imene kompyuta imadutsamo pa intaneti kuti ifike pa netiweki ya kuntchito, ndipo anthu ogwirira ntchito kunyumba amaidalira potsegula mafayilo a kuofesi. Pulogalamu yake siima payokha. Imatsamira pa zigawo zina za Windows, makamaka driver yomwe imapanga khadi ya netiweki yongoyerekeza, komanso kazenera kolembapo dzina ndi pasiwedi. Update ikakhudza chimodzi mwa zigawozi, VPN yomwe dzulo inali bwinobwino imayamba kukana, kapena kudzitseka munthu akangodina batani lolowera.

Zoterezi zidachitikapo poyera. Pa 11 Januwale 2022, Microsoft idatulutsa update KB5009543 ya Windows 10 ndi KB5009566 ya Windows 11, ndipo VPN za mtundu wa L2TP zidasiya kulumikiza, zambiri zikuonetsa nambala 789. Kampaniyo idavomera vutolo n'kutulutsa zokonzera pa 17 Januwale, osadikira tsiku lake la mwezi ndi mwezi. Mu Epulo 2024, KB5036893 idasokonezanso VPN, ndipo vutolo lidatha ndi update ya Meyi. Maulendo onse awiriwa pasiwedi za anthu zidalibe mlandu.

N'chifukwa chake kubwereza pasiwedi kangapo ndi kulakwitsa koyamba. Maofesi ambiri amatseka akaunti munthu akalephera kulowa maulendo angapo, ndiye vuto limodzi limasanduka awiri.

Choyamba n'kusiyanitsa kukana ndi kudzitseka. VPN ikakana imasiya nambala: 691 imaloza ku dzina kapena pasiwedi, 809 imatanthauza kuti seva sikuyankha, kawirikawiri chifukwa firewall kapena rauta yatchinga njira. Koma pulogalamu ikangozimiririka osanena kanthu, umboni umapezeka mu Event Viewer, pansi pa Windows Logs, m'gawo la Application. Uthenga wa nambala 1000 umatchula pulogalamu yomwe yagwa ndi fayilo yomwe yaigwetsa. Dzina la fayiloyo ndi lofunika kuposa china chilichonse. Ikakhala fayilo ya VPN yomweyo, ndiye kuti pulogalamuyo yatsalira m'mbuyo ndipo ikufunika mtundu watsopano. Ikakhala ya antivirus, wolakwa wadziwika. Ikakhala ya WebView2, chigawo cha Microsoft Edge chomwe mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito poonetsa tsamba lolowera, kukonza chigawocho n'kokwanira. Tsiku la uthengawo liyenera kuyerekezedwa ndi la mu Update history. Akafanana, update ndiyo yoikayikira.

Kukonza kumayambira pa zosavuta. Kompyuta iyatsidwenso pogwiritsa ntchito Restart, chifukwa Shut down, Fast Startup ikakhala yoyatsa, imasunga ma driver momwe analiri. Zikakanika, pulogalamu ya VPN ichotsedwe n'kuikidwanso kuchokera kwa eni ake, popeza kuiikanso kumamanganso khadi yongoyerekeza ija. Kwa ogwiritsa ntchito VPN yobwera ndi Windows, kuchotsa zigawo za WAN Miniport mu Device Manager n'kusankha Scan for hardware changes kumazibwezeretsa zatsopano. Adiresi ya seva ndi makiyi zilembedwe kaye penapake, chifukwa ena amachotsa pulogalamu n'kuzindikira mochedwa kuti sakudziwa kolowera.

Kuchotsa update yeniyeniyo ndi njira yomaliza, ngakhale ndi imene anthu amathamangira. Imathandizadi, ndipo mu 2022 ambiri adapulumukira pomwepo. Komatu update za mwezi ndi mwezi zimabwera mtolo umodzi: wochotsa cholakwikacho amachotsanso zotseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amadzeramo, pa kompyuta yomwe ili ndi khomo lolowera kuofesi. Ngati palibe kuchitira mwina, update ichotsedwe kudzera pa Uninstall updates, Windows Update iimitsidwe kwa masiku ochepa kuti isaibwezeretse, ndipo tsamba la Windows release health liziyang'anidwa mpaka zokonzera zitatuluka. Ikakhala update yaikulu yosintha mtundu wa Windows, mwayi wobwerera ku wakale umatha pakapita masiku 10.

Pa kompyuta ya kampani, zambiri mwa izi zimafuna chilolezo cha administrator. Wantchito atumize kwa a IT nambala ya KB, mtundu wa VPN ndi chithunzi cha uthenga wa mu Event Viewer.