Positi ofesi imene eni mudzi anaikakamira

Pakati pa chilumba cha Sri Lanka, chomwe kale chinkatchedwa Ceylon, pali tawuni ya m'mapiri yotchedwa Nuwara Eliya. Ili pamtunda wa mamita oposa 1,800, m'munsi mwa Pidurutalagala, phiri lalitali kuposa onse m'dzikomo. Kumazizira zedi, nkhungu ndiye osanena. Mukafika pakati pa tawuniyi, chokopa maso ndi nyumba yosanjikiza ya njerwa zofiira, yokhala ndi kansanja ka wotchi pamwamba. Imeneyo ndi positi ofesi, ndipo inamangidwa m'chaka cha 1894.

Kodi atsamunda anaimangiranji kuphiri konseku? Nkhani yake inayamba ndi kutentha. Angerezi atagonjetsa ufumu wa Kandy mu 1815, chilumba chonse chinagwa m'manja mwawo, koma dzuwa ndi malungo a kuchigwa zinkawasowetsa mtendere. Bwanamkubwa Edward Barnes anasandutsa Nuwara Eliya kukhala malo opumulirako asilikali odwala. M'zaka za m'ma 1840, Samuel Baker, yemwe uja anadzafunafuna gwero la mtsinje wa Nile, anatsegulako famu. Posakhalitsa malowa anapatsidwa dzina loti Little England.

Kenaka kunabwera tiyi. Matenda a masamba atayamba kupululutsa khofi mu 1869, eni minda anatembenukira ku tiyi, mbewu imene James Taylor anali atayamba kulima mu 1867. Njanji inafika pa Nanu Oya, pafupi ndi tawuniyi, mu 1885. Tsono mwini munda ankafuna kumva mitengo ya tiyi ku London komanso kulembera abale kwawo. Positi ofesi inamangidwa mofanizira nyumba zamakedzana za ku England, kuti mzungu akalowamo azimva ngati wafika kumudzi.

Koma paja akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dzikoli linalandira ufulu mu 1948, azungu n'kumachoka pang'onopang'ono, nyumba ija n'kutsala. Otsala nayo anali eni tawuni: amalonda, aphunzitsi, alimi a ndiwo zamasamba ndiponso Atamil othyola tiyi, amene makolo awo anachokera kumwera kwa India. Iwowa ndiwo anapitiriza kuima pamzere kugula masitampa ndi kutumiza ndalama.

Vuto la nyumba yokongola n'loti aliyense amaisirira. Mu 2012 zipinda za pamwamba, momwe kale munkakhala mkulu wa positi, zinasanduka zogonamo alendo. Mu 2017 mabungwe a ogwira ntchito za mtokoma anadzudzula maganizo a boma ofuna kupereka positiyi, pamodzi ndi za ku Kandy ndi Galle Fort, kwa amalonda okopa alendo. Nkhani inazirala, koma sinafe.

Mu 2022 chuma cha Sri Lanka chinalowa pansi, boma linalephera kubweza ngongole zakunja, ndipo Pulezidenti Gotabaya Rajapaksa anathawa m'dzikomo. Boma lotsatira, pofunafuna ndalama, linadzutsanso nkhani ija: positi isanduke hotela. Apa ndiye panavuta. Mu Novembala 2023 ogwira ntchito za mtokoma m'dziko lonse ananyanyala ntchito masiku awiri, makalata n'kuunjikana m'matumba. Anthu a ku Nuwara Eliya nawo anachita zionetsero. Mu Okutobala 2024 boma latsopano la Anura Kumara Dissanayake linalengeza kuti nyumbayo ikhalabe ya ntchito za mtokoma.

Ena anganene kuti hotela ikanabweretsa ndalama zokonzera denga ndi zipupa, makamaka masiku ano pamene foni yalanda malo a kalata. N'zoona ndithu. Komatu m'hotela amalowa ndi wandalama yekha, pamene m'positi amalowa aliyense, ngakhale wothyola tiyi wa matope kumapazi. Nyumba imene inamangidwira alendo inatenga zaka zambiri kuti ikhale ya eni mudzi. Iwo anangokana kuibweza kwa alendo kachiwiri.