Comrades: Mfuti Imalira Ena Atagwirana M'mapewa

Maola 12 akamakwana, mkulu wa mpikisano wa Comrades amaima pamzere womalizira atafulatira othamanga, mfuti ili m'manja. Kumbuyo kwakeko kumakhala chipwirikiti: wina akukwawa, wina miyendo yauma gwa, awiri atakoleka m'mapewa mwawo munthu amene sakumudziwa n'dzina lomwe. Mfuti ikalira, wotsala ndi phazi limodzi salandira mendulo.

Mwini nzeruyi anali Vic Clapham, msilikali wa ku South Africa amene anayenda wapansi mitunda yosaneneka ku East Africa pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, nkhondo yomweyo imene inatha asilikali ndi amtengatenga a ku Nyasaland. Atabwerera kwawo, anafuna chikumbutso cha anzake chimene munthu angachimve m'thupi. Pa 24 May 1921, anthu 34 ananyamuka ku Pietermaritzburg kulowera ku Durban, ulendo wa makilomita pafupifupi 90. Anafika 16 okha, ndipo Bill Rowan anapambana pa maola 8 ndi mphindi 59.

Koma ubwenziwo unali ndi mpanda, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa. Akazi ndi anthu akuda sankaloledwa. Frances Hayward anathamanga mu 1923 osalembedwa. Robert Mtshali anachita chimodzimodzi mu 1935: anakwera mapiri onse a panjirayo, nafika ku mapeto, koma mendulo ya mpikisano sanaione. Chipata chinatseguka mu 1975, ndipo panapitanso zaka 14 kuti Samuel Tshabalala akhale munthu wakuda woyamba kupambana, mu 1989. Chaka chomwecho gogo Wally Hayward anamaliza ali ndi zaka 80.

Akatswiri aliko. Bruce Fordyce anapambana kasanu ndi kanayi, Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe katatu motsatizana kuyambira 2009. Komabe Comrades ndi ya khamu la kumbuyo lija. Mbandakucha amaimba Shosholoza ali phewa ndi phewa, kenaka pamveka kulira kwa tambala, ulendo wayamba. Pamsewu amapanga magulu otchedwa "basi": mmodzi wodziwa njira amanyamula kambendera kosonyeza nthawi imene afikire, namauza anzake pothamanga ndi poyenda. Wina wabwera kudzakumbukira m'bale amene anatisiya, wina akufuna nambala yobiriwira imene amapatsa womaliza kakhumi, n'kukhala yake mpaka kalekale. Pafupi ndi Drummond, pakatikati pa ulendo, pali khoma la timiyala tolembedwa maina.

Ofika mu ola lomaliza, pakati pa 11 ndi 12, ndiwo amalandira mendulo yotchedwa Vic Clapham.